Jekete la Firiza

Timatumba 72 ta mkaka wa m'mawere. Khanda limamwa tinayi patsiku, ndiye kuti masiku 18, ndipo tsiku la 18 lomwelo ndi limene khandalo likwanitse miyezi isanu ndi umodzi n'kuyamba phala. Masamu amenewa a Telala ankawabwereza m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe, ngati mmene ena amayambira tsiku ndi pemphero. Kathumba kapadera panalibe ngakhale kamodzi.

Mkakawo unali wa mwana wawo wamkazi, amene aliyense, kuphatikizapo bambo akewo, ankangomutchula kuti Aphunzitsi chifukwa cha ntchito yake. Madokotala anamupeza ndi khansa khanda lake lili ndi miyezi itatu yokha, ndipo anamuuza mosabisa kuti tsiku limene adzayambe mankhwala, kuyamwitsa kudzathera pomwepo. Vuto linali lakuti Kabatani, kamtsikana kake kaja kanabadwa masiku asanakwane kali kakang'ono ngati batani la malaya, kankasanza mkaka wa m'chitini n'kutuluka totupa thupi lonse. Ndiye kwa masabata asanu ndi awiri amene ankadikira kuti agonekedwe, Aphunzitsi akamaliza kuyamwitsa ankafinya wotsalawo, n'kuuthira m'timatumba tapulasitiki, n'kulemba deti pakathumba kalikonse ndi zilembo zake zowongoka za pabolodi. Tinakwana 120. Anatiyala bwinobwino mu firiza, firiji yogona ija yotsegula pamwamba ngati bokosi, imene mwamuna wake anaibweretsa kunyumba kwa apongozi ake pangolo. Kenako anapita kuchipatala chachikulu, mwamuna wake n'kukakhala womudikirira. Khanda linatsala m'manja mwa a Telala ndi mlongo wawo, amene m'nyumbamo amadziwika kuti Azakhali.

A Telala ndi munthu woti mutha kuwadutsa pamsewu osawatembenukira, pokhapokha mutaona tepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwawo ngakhale popita kutchalitchi. Akhala pamakina zaka 43. Anayamba ali ndi zaka 15 kwa amalume awo, ndipo zaka ziwiri zoyambirira sanaloledwe kuponda makinawo: ntchito yawo inali kusita ndi kumasula zimene ena asoka molakwika. Amalumewo anali ndi lamulo limodzi, lakuti chovala chosokedwa ndi munthu wodziwa sichisiya mpata wolowa mphepo. Lamulo limeneli linawalowa a Telala mpaka m'mafupa. Kwa zaka zambiri ankasokera pakhonde la sitolo ina yogulitsa misomali ndi penti, koma msana utayamba kudandaula anasamutsira makinawo pabalaza la kunyumba, pafupi ndi windo.

Akazi awo anamwalira Aphunzitsi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Achibale anabwera ndi nzeru zawo, akuti mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi, amupereke kwa ena. A Telala anangotenga tepi, kumuyeza mwanayo mapewa ndi m'chiuno, n'kumusokera yunifomu ya sukulu ya pafupi ndi nyumba. Nkhani inathera pomwepo. Ndi mmene akhala akuyankhulira moyo wawo wonse. Mwanayo akadwala malungo ankadzuka n'kupeza pilo watsopano. Atalephera mayeso, bambo ake sanamukalipire, anamusokera chikwama cha mabuku cha matumba asanu. Atakhoza, diresi. Pa ukwati wake, diresi lina la mabatani 31 kumsana, lililonse lokutidwa ndi nsalu pamanja.

M'nyumba mwawo mulibe chinthu choyenda maliseche. Wailesi ili ndi chovala chake, TV ili ndi chake, fulasiki, Baibulo, ngakhale karimoti kali ndi kathumba ka zipi. Azakhali amakonda kuchenjeza alendo kuti, "Musakhale phee mphindi khumi m'nyumba muno, achimwenewa akuyezani."

Sabata yachiwiri Aphunzitsi ali kuchipatala, kunatentha kwambiri. Malata ankachita kulira masana. Firiza inali m'kachipinda kakang'ono koyandikana ndi khitchini, ndipo a Telala akadutsapo ankaiona ili yokhayokha, yoyera, yosavala, ikulimbana ndi dzuwa lonselo. Mwana wawo sakanatha kumuchitira chilichonse, mankhwala sawadziwa, ndipo kuchipatala amangolola kuona odwala ola limodzi. Manja awo anasowa chogwira. Loweruka anatenga tepi: mainchesi 37 m'litali, 22 m'lifupi, 33 kuchoka pansi. Anatsitsa sutikesi imene amasungamo zidutswa za zovala zonse zimene anamusokerapo mwanayo, kuyambira yunifomu yoyamba ija. Analumikiza zidutswazo, pakati n'kuika siponji yokhuthala ngati chala, mkati n'kuyalamo nsalu yolemera ya makatani. Anasiya kabowo ka chingwe cha magetsi ndi kawindo koonera kanyali kobiriwira. Chivindikiro anachisokera chipewa chake. Pepala la malangizo limene Aphunzitsi anamata pachivindikiropo analimatula mosamala n'kulisokera thumba kutsogolo. Chakumunsi, mbali ya kumanja, anapezako timipata tambiri todulidwa pachitsulo ngati mano a chipeso. Anaima n'kuganiza. Apa ndiye pothawira kuzizira, anatero mumtima, ndipo pamenepo anaikapo siponji iwiri.

Lamlungu madzulo firiza inavala. Jeketelo linagwira thupi ngati linabadwa nayo, popanda mpata wolowetsa ngakhale chala. Azakhali anaombera m'manja. A Telala tsiku limenelo anadya bwino koyamba chichokereni mwana wawo.

Lachitatu m'mawa anatsegula chivindikiro kuti atenge timatumba tinayi ta tsikulo. Kathumba kouma bwino kamakhala gwa ngati sopo watsopano. Kamene anagwirako kanabonyoka pansi pa chala chawo ngati tsaya la mwana. Anagwira kachiwiri, chimodzimodzi. Pakhoma la mkati, pamene pamakhala ayisi woyera, panali madontho akutsika pang'onopang'ono. Mtima wawo unapita kutali. Anakumbukira kuti dzulo lake timatumba tinali ndi kathukuta, iwo n'kungoti ndi nyengo.

Anatseka msanga. Kanyali kobiriwira kankayaka, ndiye magetsi analipo. Anazula pulagi, kuiuzira, kuibwezera. Anapisa dzanja pansi pa jekete n'kupotokola kagudumu ka manambala kuchoka pa 4 kufika pa 7, pamapeto penipeni. Firiza inang'ung'udza pang'ono, kenako kuti tha, n'kukhala chete. Anadikira ataima. Patapita mphindi zitatu inayesanso, n'kulekanso chimodzimodzi. Apa a Telala anaganiza kuti siponji yachepa, dzuwa likulowabe. Anakatenga bulangeti la pabedi pawo n'kulifunditsa pamwamba pa jeketelo, m'mphepete monse n'kupanikiza ndi mapini.

Azakhali anawapeza akumaliza, Kabatani ali kumsana.

"Achimwene, mkaka wa mwana uli kuti? Wayamba kale kudya nsalu."

"Wasungunuka."

"Wonse?"

"Sindinawerenge. Ndikuopa kutsegula."

Azakhali anakhala pampando wa makina osauzidwa.

"Imbirani a Gasiwatha," anatero. "Manyazi asiyeni. Mutu umodzi susenza denga."

A Gasiwatha ndi wokonza mafiriji, mnzawo wa a Telala kuyambira masiku a pakhonde la sitolo lija, pamene benchi yawo inali moyandikana ndi makina. Dzinali anawapatsa anthu mowaseka, chifukwa okonza ena akangoona firiji yofa amathamangira kunena kuti gasi watha, pomwe iwowa amakana mpaka atayesa china chilichonse. Foni inalira kanayi.

"A Telala! Buluku langa lija mwalipeza, kapena munalidula n'kusokera ketulo?"

"Akulu, firiza yasiya kuziziritsa."

"Nyali ikuyaka?"

"Ikuyaka."

"Ndiye si magetsi. Mwatsegula kangati lero?"

"Kamodzi."

"Musatsegulenso. Chivindikiro chikutseka bwino? Tengani pepala, mulipanitse pakati pa labala ndi bokosi, mukoke. Likatuluka mosavuta, labala watopa."

A Telala anang'amba pepala m'buku la miyezo, kukweza bulangeti ndi chipewa, n'kuyesa mbali zonse zinayi. Pepala linkakana.

"Labala ali bwino."

"Chabwino. Ikani foni pansi chakumanja, ndimve kompulesa. Ndiye mtima wake umenewo, kachitsulo kakuda kamene kamapopa gasi."

Anagwada n'kugunditsa foni pansalu. Anadikira. Kung'ung'udza kuja kunabwera, kenako tha.

"Ikufuna kudzuka koma china chikuigwetsa," anatero a Gasiwatha. "Mawu ake akumveka patali bwanji, ngati ili m'chitsime? Yatsamira khoma?"

"Ayi, pali mpata wa mainchesi sikisi."

"Mwaunjikapo katundu m'mbali? Makatoni, matumba?"

"Palibe katundu." Ndipo sananame. Kwa a Telala chovala si katundu.

"Gwirani m'mbali mwake. Kukutentha bwanji?"

Anagwira bulangeti. "Kofunda pang'ono chabe."

Kunamveka a Gasiwatha akupuma mokoka. "Zimenezo ndiye sizikugwirizana. Kompulesa yolira choncho imayenera kuotcha dzanja. Muli chiyani mkatimo, nyama? Ngati ndi nyama ikazingeni, ndibwera mawa, lero ndili ndi firiji ya kubala."

"Muli mkaka wa Aphunzitsi. Wa mwana."

Nkhani ya matendayo a Gasiwatha ankaidziwa, ndipo Aphunzitsi anakula akusewera ndi timachubu ta mkuwa pansi pa benchi yawo.

"Mowa udikira," anatero. "Atumeni achemwali akagule ayisi wa mabuloko kugolosale, anayi. Ndikukwera njinga."

Anafika patatha mphindi 40, thukuta lili kamukamu, chikwama cha zipangizo chili pakaliyala. Analowa m'kachipindamo akupukuta kumaso ndi chipewa, n'kuima pakhomo. Anayang'ana bulangeti. Anakweza ngodya yake n'kuona jekete la mitundumitundu, zipi wake ali pakona, thumba lili kutsogolo.

"A Telala, kodi firizayi ikupita ku ukwati?"

Palibe anaseka. A Gasiwatha nawo kumwetulira kunawathera pamene anazindikira zimene akuona. Anazula pulagi kaye, kenako n'kuyamba kuchotsa mapini.

"Yavala liti?"

"Lamlungu."

"Masulani zipiyu nokha, ine ndingang'ambe."

A Telala anamasula. Jekete litatsika, fungo la chitsulo chotentha linadzaza kachipindako. A Gasiwatha anawagwira dzanja n'kuligunditsa pakhoma la firiza. A Telala analichotsa msanga. Khomalo linkatentha ngati simbi imene yangozimitsidwa kumene.

"Firiza sipanga kuzizira ayi," anatero a Gasiwatha motsitsa mawu, akugwada pa timipata tija. "Imatenga kutentha kwa mkati n'kukutaya kunja. Zamtundu uwu zimatayira m'makoma momwemu, muli timapaipi kuseri kwa chitsulochi. Timipata iti ndi mphuno ya kompulesa. Inu mwaitseka thupi lonse, mphuno n'kuitseka kawiri. Yakhala ikupuma mpweya wake womwe masiku atatu. Ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndiye kulira mumamva kuja."

"Ndimati kuzizira kusathawe."

"Ndikudziwa."

"Ndinayeza bwinobwino. Sindinasiye mpata."

"N'chimene chalakwika, akulu. Akanasoka telala wosadziwa ntchito, bwenzi ikupumako."

A Telala anatsamira khoma. Anayang'ana jekete lili pansi, kachidutswa ka buluu ka yunifomu yoyamba kali pamwamba, pafupi ndi kachidutswa koyera ka diresi la ukwati. Zaka 43 akusoka, sanabwezeredwepo chovala chifukwa chothina kapena kukhwepa.

Azakhali analowa ndi mabuloko anayi a ayisi m'beseni. A Gasiwatha anaimirira n'kuyamba kulamula ngati ali pantchito ina iliyonse, ndipo zimenezo zinathandiza.

"Kompulesa ipume ola lathunthu, tisaikakamize. Pakadali pano titsegula kamodzi kokha. Tisankhe msanga, tiike ayisi, titseke. Kodi mwiniwake anasiya malangizo?"

A Telala anatola jekete n'kusolola pepala m'thumba lija. Anawerenga mokweza. Aphunzitsi analemba zimene anamwino anawauza, mzere uliwonse ndi nambala yake ngati mafunso a mayeso. Mzere wachinayi unkati: kathumba kakasungunuka koma mkati mukadali timiyala ta ayisi, kabwezereni kaumenso. Kakasungunuka konse koma kakadali kozizira, musakaumitsenso, mwana amwe lisanathe tsiku limodzi. Wopitirira pamenepo asamwe, muthireni m'madzi omusambitsa.

Anagawana ntchito. A Gasiwatha anagwira chivindikiro, Azakhali beseni, ndipo a Telala, amene zala zawo zimasiyanitsa nsalu ziwiri maso ali chitsinzire, ndiwo ankagwira kathumba kalikonse. Akakafinya pang'ono n'kumva timiyala tikukhuzana mkati, kankatsala. Kakangoti tepetepe ngati madzi, kankapita m'beseni. Ta m'basiketi ya pamwamba tonse tinali titasungunuka. Mzere wotsatira, tiwiri ta m'mphepete. Kupita pansi tinali tofewa kunja koma tolimba pakati, ndipo ta pansi penipeni tinali tikadali gwa, titagwirana ngati njerwa. Pakathumba kalikonse maso awo ankagwera pa deti. Ena mwa masikuwo ankawakumbukira: ili ndi tsiku limene zotsatira za kuchipatala zinatuluka, ili ndi limene mwana wawo anameta tsitsi lake yekha asanauzidwe.

Sizinapitirire mphindi zisanu. M'beseni munali 14. Mu firiza munatsala 58. Anaika mabuloko atatu a ayisi pamwamba pa totsalato n'kutseka.

"Tsopano bweretsani jekete lanu lija," anatero a Gasiwatha.

A Telala anawayang'ana ngati akuwanyoza.

"Sindikuseka. Lipindeni kanayi muliike pachivindikiro pokha, m'mbali musakhudze. Firiza ikazima, chovala chanuchi ndi mankhwala, chimasunga kuzizira kumene kulipo. Chimapha ikamayaka. Magetsi akadzathima tsiku lonse, mudzandithokoza."

Analipinda mwaukatswiri, ngodya ndi ngodya, n'kuliyala pamwamba. A Gasiwatha anamasula kachitseko ka timipata tija ndi sikuludiraiva. Mkati munali ulusi, fumbi la thonje ndi tizidutswa ta siponji tomatirira pa kompulesa. Anapempha burashi imene a Telala amatsukira makina n'kuyamba kusesa. Kenako anazula kabokosi kakuda kam'mbali mwa kompulesa, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu.

"Aka ndi kamene kamaidzutsa. Kakapsa kamalira ngati muli mchenga. Tamverani." Anakagwedeza pakhutu la a Telala. Kanali chete. "Kapulumuka. Tsopano tipemphere kuti mtima weniweniwo sunapse. Ukapsa umenewo, lero sitigona tisanapeze firiza ya munthu wina."

Anakhala pansi onse awiri, wina uku wina uku, akukupiza kompulesa ndi makatoni. Kukhitchini Azakhali anaika timatumba tinayi ta m'beseni pa ayisi wotsala, n'kufunditsa kamodzi m'madzi otentha. Posakhalitsa kulira kwa Kabatani kunasanduka kumeza.

Cha m'ma 12 koloko foni inalira. Nthawi imeneyi tsiku lililonse Aphunzitsi ankaimba, ndipo funso lake linali limodzi: tatsala tingati? Azakhali anatulukira pakhomo, botolo lili m'manja.

"Nenani 68," ananong'ona. "Munthu ali pa mankhwala, musamusweretse mtima. Khumi tokha, adzadziwa bwanji?"

A Telala anayankha foni. Anali mkamwini wawo.

"Bambo, mwaswera bwanji? Lero sayankhula, mankhwala a m'mawa amufooketsa, wangogona kumene. Koma anati ndifunse nambala."

A Telala anayang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ana beseni.

"Akadzuka mumuuze kuti mwana wamwa, ndipo akumwa panopa. Nambala ndibwera nayo ndekha mawa."

"Kuli bwino kumeneko?"

"Ndibwera mawa, bambo."

Atadula, Azakhali anapukusa mutu. "Inu ndi kuuma mutu."

"Anafinya yekha kathumba kalikonse, achemwali. Amatidziwa ngati ana a m'kalasi mwake. Ndimunamize pa chinthu chake chomwe?"

"Nanga mukanena kuti chiyani?"

"Kuti ndinasoka."

Ola litakwana, a Gasiwatha anagwira kompulesa ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwedeza mutu. Anabwezera kabokosi kaja, kubweza kagudumu pa 4, kuchotsa jekete pachivindikiro n'kuwapatsa eni ake. Anakokera firiza patsogolo pang'ono kuti mphepo izidutsa mbali zonse, n'kutsegula windo la kachipindako.

"Lowetsani pulagi ndinu. Ine manja anga ali ndi tsoka lero, ndasiya anthu akumwa mowa wotentha."

A Telala analowetsa. Kanyali kanayaka. Kompulesa inagwedezeka, n'kuyamba kung'ung'udza. Onse anadikira kulira kuja kwa tha. A Telala ankawerenga mumtima monga amawerengera masitichi. Anafika pa 60, n'kuyambiranso. Anafikanso pa 60. Mphindi zitatu zinadutsa, kenako zisanu, kenako khumi, ndipo mawuwo ankangopitirira, osalala ngati makina othiridwa mafuta.

"Gasi ndiye sanathe," anatero Azakhali ali pakhomo.

"Sanathepo chiyambire, mayi. Anthu ndi amene amatha nzeru." A Gasiwatha anatembenukira kwa mnzawo. "Sindikunena inu."

"Mukunena ine. Palibe vuto."

Anadikira mphindi 30 asanatsegule, ndipo anangokweza chivindikiro pang'ono kuti a Telala alowetse dzanja. Khoma la mkati linali litauma, ndipo chala chinamatirira pang'ono pachitsulo. Kunja makoma anali ofunda bwino, ngati mphumi ya mwana wopanda malungo.

"Kufunda kumeneko muzikukonda," anatero a Gasiwatha akulongedza zipangizo. "Ndi umboni kuti ikugwira ntchito. Musatsegule mpaka mawa m'mawa. Koma choyamba chitani ichi: thirani madzi m'kapu, muiike mufirizamu, akauma pamwamba pake muikepo batani. Tsiku lililonse muziliona. Mukalipeza lamira, ndiye kuti inasungunukapo inu osadziwa, mundiimbire nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula."

A Telala anafuna kunena za malipiro, koma mnzawoyo anali atakweza kale dzanja.

"Mundipezere buluku langa basi. Chaka chachitatu chino."

Madzulo dzuwa litapepa, Azakhali anathira madzi m'bafa la mwana. Timatumba khumi tija tinali pathebulo. A Telala anatenga sizasi yawo yodulira nsalu, imene salola munthu wina kuigwira, n'kudula pakona pa kathumba kalikonse. Madzi anayera. Kabatani anamenya madziwo ndi timiyendo take, akuseka, osadziwa chimene akusambamo. Azakhali ankamuthira pamutu ndi chikhatho, akuyang'ana kumbali kuti achimwene awo asawaone m'maso.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero Azakhali. "Koma awa sanatayike onse."

A Telala anatsuka timatumba topanda kanthuto, n'kutiyanika pachingwe ndi mapegi, madeti akuyang'ana kunyumba. Kenako anakhala pamakina, osaponda, n'kutsegula buku la miyezo patsamba loyera. Kuyambira mawa, masiku 17. Kuchulukitsa ndi tinayi, 68. Tilipo 58. Tikuperewera khumi, ndiye kuti masiku awiri ndi theka. Analemba mzere pansi pake. Masiku awiri ndi theka si phiri. Mwina anamwino angalole kuti phala liyambe masiku atatu msanga, kapena kuti likayamba kathumba kamodzi patsiku kazitsala. Mwina pali mtundu wina wa mkaka umene mimba ya mwanayo ingaulandire. Zimenezo si za telala kugamula, ndipo ulendo uno sankafuna kuyeza okha.

Jekete analitenga n'kuliyala pamiyendo. Anapeza poyambira ulusi wa zipi n'kuyamba kumasula, ntchito imene anaiphunzira zaka ziwiri zathunthu kwa amalume awo. Siponji ya m'mbali anaiika padera. Chipewa cha chivindikiro anachisunga, cha tsiku lothima magetsi. Zidutswa zolumikizana zija zinatsala zokhazokha, zopepuka, zokwanira bwino bedi laling'ono la kuchipatala, kumene Aphunzitsi ankadandaula kuti mbandakucha kumazizira.

Kuchokera m'kachipinda kaja, firiza inkang'ung'udzabe ili yosavala, kapu ya madzi ili mkati.

Mawa 6 koloko a Telala adzatsegula kamodzi, kuika batani pakapu ndi kutenga timatumba tinayi. 8 koloko adzapita ndi Azakhali kusikelo ya ana kukafunsa anamwino za masiku awiri ndi theka aja. Ikadzakwana nthawi yoona odwala, adzalowa ndi nsaluyo m'manja, n'kumuuza mwana wawo nambala yeniyeni ndi chimene chinachitika.